Makina Amene Anakana Kusuntha

"Chimene ndawotcherera ine, ngakhale njovu khumi sizingachizule!" anatero mphunzitsi wa zowotcherera zitsulo, akulavula magazi. Ahedi anali atangomugulula mano awiri ndi sipanala chifukwa chokana kusaina lipoti.

Lipotilo linkati ndalama za boma zagula makina owotcherera asanu. Koma pasukulupo panali amodzi okha, enawo anasanduka galimoto ya ahedi. Oyendera sukulu akabwera, makina omwewo ankazembetsedwa pakhomo lakuseri, chipinda ndi chipinda, mpaka awerengedwe kasanu.

"Bwana, ana makumi anayi azilimbirana makina amodzi? Ndipheni, sindisaina."

"Usaina, galu iwe! Apo ayi, mawa ntchito yatha."

M'mawa mwake, mayi woyendera sukulu anawerenga makina m'chipinda choyamba, n'kuperekezedwa kukamwa tiyi. Ahedi anathamanga kuti akawasamutse, koma makinawo sanasunthe n'pang'ono pomwe. Miyendo yake inali itawotchereredwa ku nsanamira yachitsulo.

Ahedi anatola nyundo yaikulu. Anamenya, kutukwana, n'kumenyanso. Kachitatu nyundo inanjanja n'kuwabwerera pakamwa, phwa! Anagwa chagada, magazi ali chuchuchu pa tayi.

Mayi uja analowa kapu ili m'manja. "Kodi makina ena anayi ali kuti?"

Mphunzitsi anawerama, n'kutola tinthu tiwiri toyera pasimenti.

"Za makinazo afotokoza eni ake, mayi, pakamwa pakaphwa," anatero akumwetulira ndi chibwano chotupa. "Koma ngongole yanga abweza yonse. Mano awiri ndendende."