Mluzu pa Bwinja la ku Mphamba

Mapopa anabwereka makina ofufuzira zitsulo m'nthaka kuti apezere Towela, bwenzi lake, khobidi lakale loti azivala m'khosi. Mdima utangogwa, awiriwo anatenga khasu n'kuzemba kupita ku bwinja la kuseri kwa minda ya fodya.

"Akalila besi, n'zitini ndi misomali," Mapopa anamufotokozera. "Akaliza mluzu, ndiye khobidi lako limenelo."

Pansi pa mkuyu makinawo analira besi. Mapopa anafukula kapu yachitsulo yoboola kunsi, naiponya kutchire. Pambali pake anafukulanso mbale, nayonso yoboola.

Towela anamugwira malaya. "A Mapopa, ziwiya zoboola dala chonchi amaika pamanda. Bwezani kapu ija, tizipita."

"Za dzimbili zomwezi? Dikila pang'ono, mama."

Pomwepo mluzu unalira, woonda, womveka bwino. Mapopa anagwada kuti akumbe, koma atayesanso pamalopo panali zii. Mluzuwo unali utasunthira kutsogolo. Anaulondola, unasunthanso. Unazungulira mkuyu pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda ndi ndodo, mpaka unakaima pamene panaima Towela.

Towela anali atavala patapata. Analibe chitsulo chilichonse pathupi, ndolo ngakhale chibangili.

"Sendela uko," Mapopa ananong'ona.

"Phazi likukana."

Mapopa anazimitsa makinawo, koma mluzu sunaleke. Anaponya khasu pansi n'kumukoka Towela dzanja ndi mphamvu zake zonse. Mtsikanayo sanasunthe, ndipo dzanja lake linali litayamba kuzizira.

"Pitani mukaifune kapu ija," anatero Towela, maso ali pansi. "Eni ake akugogoda kunsi kwa phazi langa."