Munthu wa pa Boti Lofiira

"Araba, kodi maboti akowa ndiwo adzakukwatire?" anamuseka Maame Esi, mayi wokazinga nsomba. "Loweruka lililonse uli pano ngati mlonda."

Araba sanachotse diso pa kamera. Boti lofiira lokoka sitima linkatuluka padoko la Takoradi likufuka utsi wakuda, chingwe chitakungika, likukoka chisitima chadzimbiri chopanda dzina. Anayamba kujambula maboti otere zaka zitatu zapitazo, mlongo wake Kwamena atamira akugwira ntchito pa boti lina. Mtembo sunapezeke, ndipo m'bokosi anangoikamo zovala.

Anakokera chithunzi pafupi. Kumbuyo kwa botilo mwamuna wowonda ankakulunga chingwe ndi dzanja la zala zitatu, ngati la Kwamena. Araba anamujambula, kenako anatsitsa kamera.

"Waona chiyani, mwanawe?" anafunsa Maame Esi, kuseka kutatha.

"Palibe, Maame."

Mwamunayo anayang'ana kugombe nthawi yaitali, kenako analowa m'kachipinda ka woyendetsa. Posakhalitsa foni ya Araba inalira, nambala yachilendo.

"Achemwali," mawu ananong'ona, "fufutani zithunzizo muzipita. Amayi musawauze."

"Kwamena! Uli moyo? Ife tinalira maliro ako!"

"Maliro amenewo ndi amene akukusungani ndi moyo nonsenu. Pali wina wadziwa kuti mwandiona?"

Araba anacheuka. Nsomba zinali kupserera m'chiwaya. Maame Esi anali ataima chapatali, foni ili kukhutu, maso ali pa iye.

"Ee, bwana," ankatero motsitsa mawu. "Lero wamujambula."