Mchere wa m'kachitini ka tiyi

Panali mayi wina amene chaka chathachi, m'nyengo ya mvula, anaphikira apongozi ake aamuna ndiwo zothira mchere kwa miyezi itatu, uku akuuza banja lonse kuti mulibe. Nkhaniyi ndikuipereka monga inandifikira, osawonjezera kanthu.

Apongoziwo anali mphunzitsi wopuma pantchito. Atawapeza ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, mwana wawo, yemwe ndi mwamuna wa mayiyu, anawatenga kuti azikhala nawo. Dokotala anawapatsa mapiritsi ndi pepala la malangizo, n'kunenetsa chinthu chimodzi: mchere ayi. M'nyumbamo munkakhalanso mlongo wake wa mwamunayo, ndipo iye ndi mayiyu ankasinthana masiku ophikira mkuluyo m'kapoto kakekake.

Sabata yoyamba mkuluyo ankangotosa ndiwo n'kukankha mbale.

"Waphika kapena wangowachapa masambawa?" anatero kwa mwana wawo wamkaziyo. "Kabwezere mbuzi chakudya chake."

Mtsikanayo anaseka, koma mchere sanathire.

Mayiyu zinamuvuta. Anali wodziwika pa kuphika, ndipo mbale yake inali isanabwererepo ili ndi chakudya. Nyengoyo kumsika kunali zitheba zanthete, mabilinganya ndi masamba a maungu ongothyola kumene. Anati mumtima mwake, ndiwo zabwino chonchi ziwonongeke chifukwa cha kamchere kotsina ndi zala? Anatapa mchere n'kuika m'kachitini kakale ka tiyi, n'kubisa kuseri kwa makapu.

Tsikulo mkuluyo anamaliza mbale mpaka kuipukuta ndi chala.

"Mpongozi wanga, manja anuwa ndi odala. Mulibedi mchere umu?"

"Mulibe, bambo."

Mawa lake mlamu wake uja anamutsatira kukhitchini.

"Alamu, ndiphunzitseni. Ndatopa kunenedwa kuti ndimaphikira mbuzi."

Mayiyu anangobwereza zimene anaona pa pepala la kuchipatala lija, zomwe iye mwini anali asanayesepo. Anati anyezi azikazinga pamoto wochepa mpaka afiirire, matimati aziyamba wawawotcha, adyo azisinja, ndipo mandimu azifinyira ataphula kale. Mtsikanayo analemba zonse kuseri kwa kalendala. Ndiwo zake zinasintha ndithu, koma pakamwa pozolowera mchere wa dzulo zinkamvekabe zozizira. Mapeto ake mkuluyo analamula kuti aziwaphikira mpongozi yekha. Mchere umene ankadya modumphitsa masiku anayamba kuudya kawiri pa tsiku, ndipo kotsina ndi zala kaja kanakula kufika pa supuni.

Atapita kukayezetsa, dokotala anadabwa kuti magazi sakutsika.

"Amawaphikira ndani?"

"Ndine," anayankha mayiyu.

"Mchere?"

"M'poto mwawo sumalowa."

"Ameneyu musamukayikire, adokotala," anatero mkuluyo. "Ndi mwana wanga uyu."

Dokotala anasintha mapiritsi. Pobwerera kunyumba mayiyu anatsimikiza zosiya, ndipo tsikulo anaphikadi popanda mchere. Mkuluyo analawa kamodzi n'kumuyang'ana modandaula.

"Kodi mayi, mwadwala?"

Mawa lake anatsegulanso kachitini kaja.

Patatha masabata asanu, mmawa wina mkuluyo akumwa tiyi, kapu inawapulumuka ndipo pakamwa panapotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anapulumuka, koma mkono wamanzere unafa ndipo mawu amatuluka pang'onopang'ono.

Apa tinene zoona. Palibe dokotala amene ananena kuti mchere ndiwo unachititsa. Mayiyu anafunsa mozungulira, ndipo anamuyankha kuti zifukwa zimakhala zingapo, ukalamba ndi zina. Yankho limeneli silinamutsutse, koma silinamumasulenso. Chimene akudziwa n'chakuti dokotala anafunsa funso lolunjika pa nthawi imene zinthu zikanakonzeka, iye n'kunama.

Masabata atatu amene mayiyu ankadikirira wodwalayo kuchipatala, mlamu wake ndiye ankaphika n'kubweretsa chakudya, potsata zimene analemba kuseri kwa kalendala zija. Poyamba mkuluyo ankadya supuni ziwiri zokha. Sabata yachitatu, lilime litaiwala mchere, anamaliza mbale yonse ya zitheba ndi mabilinganya.

"Wayamba... kumufikira... mlamu wakoyu," anatero.

Mtsikanayo anasangalala mpaka kumukumbatira mayiyu. Njira imene mayiyu anangoitchula pofuna kubisa bodza inali yogwira ntchito kuyambira pachiyambi. Inkangofuna masabata angapo opirira kubwezeredwa mbale.

Mkuluyo atatuluka m'chipatala, mayiyu anaitanira mwamuna wake kukhitchini, natulutsa kachitini kaja n'kumuuza zonse. Mwamunayo analandira kachitiniko. Kenako anakhuthulira mcherewo m'sinki n'kutsegula mpopi.

"Bambo asamve," anatero. "Amakukhulupirira kuposa ine. Sangapirire."

Lero mkuluyo sadziwa, mwana wawo wamkazi sadziwanso. Mayiyu anasiya kuwaphikira, akuti mlamu wake ndiye wafikapo tsopano. Iye anasankha ntchito yowasambitsa mkono wakufa uja ndi kuwongola zala mmawa uliwonse. Kukabwera alendo, mkuluyo amamuloza ndi dzanja labwinolo n'kunena kuti, "Uyu ndiye... anatiphunzitsa kuphika popanda mchere." Alendo amamuyamikira, iye amayang'ana pansi.

Phunziro: Ukamaphikira wodwala, mbale yobwerera ndi chakudya si manyazi. Manyazi ndi kutamandidwa chifukwa cha chinthu chimene chikumupweteka munthuyo. Ndipo dokotala akafunsa zimene zimalowa m'poto, nenani zoona, pakuti iye kukhitchini kwanu safikako. Tumizirani uthengawu aliyense amene akusamalira kholo kapena wodwala pakhomo.