Mpando Wakumbuyo

Ine ndi amuna anga a Temirlan tinali titatha milungu itatu pa njinga yamoto, kuchokera kwathu ku Almaty kulowera ku India. Lamulo lathu linali limodzi: ndikakwera ndimawagogoda paphewa kawiri, iwo n'kunyamuka osacheuka. Zina zonse timauzana pa kawailesi ka m'zipewa zathu.

Tsiku limenelo kunatidera pamwamba pa mapiri a Pamir. Chigubu cha petulo chinagwa, ndiye ndinatsika kukachitola.

"Fulumira, mayi iwe, zala zaumatu kuno," anatero m'khutu mwangamu.

"Mukanamanga bwino bwenzi tili kutali," ndinawayankha.

Ndikuwerama, injini inalira, njinga n'kunyamuka. M'kuwala kofiira kwa nyali yakumbuyo ndinaona munthu atakhala pamalo panga, atawagwira m'chiuno mmene ndimawagwirira ine.

"Wachitola?" anafunsa a Temirlan.

"Ndachitola, tiyeni," anayankha munthu uja. Mawuwo anali anga enieni.

Kawailesi kathu sikafika patali. Ndinakuwa dzina lawo katatu, chigubu chili m'manja.

"Wati chiyani, Zhanar?" anafunsa a Temirlan, akutchula dzina langa.

"Palibe," anatero mawu anga aja, akuzimirira. "Ndi mphepo chabe. Musacheuke."