Maso a Msilikali

"Mankhwala anga onse amatsenga ndawathira m'maso mwa msilikali wa alamu," anatero namwino wina, akuponya dayisi patebulo.

Banja lonse linali pamasewera a nthano, aja oti aliyense amakhala munthu wongopeka. M'nthanomo, namwinoyo anali sing'anga. Alamu ake, omwe anabadwa osaona, anasankha kukhala msilikali wakhungu, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima chiyambire. Munthu akhalebe mumdima ngakhale m'masewera?

"Ayi mlamu, sungani mankhwalawo," anatero alamuwo, akupapasa kapu yawo. "Ine sindinadandaule."

"Musachite manyazi. Dayisi yavomera kale."

Mwamuna wa namwinoyo, yemwe ankatsogolera nthanoyo, anakanda pamutu. "Chabwino. Achimwene, msilikali wanu wapenya."

Namwino anapukuta kamsozi. Mtima wake unali mbee, ngati tsiku lotulutsa wodwala m'chipatala.

"Tsopano chitseko cha phanga chatseguka," mwamunayo anapitiriza, akuzemba maso a mkazi wake. "M'katimo muli chinjoka choti aliyense wochiona amasanduka mwala. Ndiye nonse mwachiona."



"Tonse?" namwino anafunsa motsitsa mawu.

"Nonse. Mphindi yapitayi munali naye mmodzi woti akanalowa, n'kuchipha, n'kukupulumutsani."

Namwino anasowa poyang'ana. Alamu aja anamwa madzi mosapupuluma, n'kutembenukira komwe iye anakhala.

"Musadandaule mlamu," anatero akumwetulira. "Chinjokacho ndachiona ndithu. N'chokongola zedi."