Manja Pansi pa Chikwama

Dokotala anali atapereka moni kawiri, koma bamboyo sanayankhe. Anangokhala pampando ngati chitsa, maso ali pamiyendo ya mkazi wake, pomwe mayiyo anabisa manja onse awiri pansi pa chikwama.

Amuna otere dokotala ankawadziwa. Mkazi akangochotsedwa bere, iwo mtima umachoka pakhomo. Kuchipatala amangoperekeza poopa pakamwa pa anthu.

"Mayi, sindikubisirani," anatero dokotala. "Mkono wanuwu wakhala ukutupa chichotsereni bere lija. Mawanga akuda atulukawa si zilonda wamba. Ndi khansa ina, yosowa, ya m'mitsempha ya magazi, ndipo imathamanga. Kuti tipulumutse moyo, tiyenera kudula mkonowu kuyambira paphewa."

Kuseri kwa mipando namwino anagwetsa mbale yachitsulo. Mayiyo anadzidzimuka. Bamboyo ngakhale kuphethira ayi.

"Ndipatseni mwezi umodzi, adokotala."

"Mwezi ndi wautali. Mukuopa mpeni?"

"Mpeni tinadziwana kale," anatero mayiyo, n'kuseka kuseka kwa pamaliro. "Bere linapita, sindinalire. Mkonowu ndausunga zaka zonsezi ngati mlendo wosatsanzika. Koma pali zoti ndiyambe ndakonza ndi bambo akunyumbawa."

Dokotala mtima unamuwawa. Chaka chatha mayi wina anapempha mwezi womwewo kuti akagwirizane ndi mwamuna wake, ndipo anamwalira asanabwerenso. Anatembenukira bamboyo.

"Bambo, akazi anu akusankha imfa poopa inu. Mkono ndi moyo, chachikulu n'chiti? Mulibe mawu?"

Bamboyo sanatukule mutu. Maso ake anali pachikwama paja, ngati munthu wodikira pakhomo lotseka.

"Musawakalipire," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Sakudziwa kanthu. Sindinawauze."

"Nanga si ndalankhula ali pompano?"

Mayiyo anasuntha chikwama. Anatukula manja onse awiri, lotupalo movutikira chifukwa cholemera, ndipo zala zinayamba kuyenda pang'onopang'ono m'mwamba. Bamboyo anazitsatira chimodzichimodzi. Anagwira dzanja lotupa lija, naligoneka pachifuwa pake, osalitaya.

"Anabadwa osamva, adokotala, ndipo kuwerenga sadziwa," anatero mayiyo. "Dziko lonse amalimvera m'manja awiriwa. Mwezi umenewo ndimati ndiphunzire kulankhula nawo ndi dzanja limodzi."