Diresi la Zipi Kumbuyo

Nesi anali atangofika pa mfundo yachitatu pamene mwana wa pa benchi lakumbuyo anayamba kulira.

Mayi Wailesi anadziwiratu kuti ndi njala. Ana asanu anali atawakulitsa ndi bere, wachisanu ndi chimodzi anali mtulo kumsana. Ntchito yawo inali yosoka zovala, ndipo dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa munthu ankapita kukakonzetsa batani n'kubwerako ndi nkhani za mzinda wonse.

Linali tsiku la sikelo. Lamulo la pachipatalapo linali lakuti amayi amve kaye phunziro la kuyamwitsa ana asanayezedwe. Tsikuli kunabweranso mlendo, bambo wa tayi wochokera ku likulu, amene anakhala pambali ndi pepala, cholembera ndi wotchi. Anali atanenetsa kuti mfundo ndi khumi, mphindi ndi makumi atatu, ndipo nesi akadumphitsa kapena kuimitsa phunziro, chipatala chalephera mayeso.

"Mfundo yachitatu," anatero nesi, atakumbatira chidole chophunzitsira pachifuwa. "Mwana akalira, muyamwitseni pompo. Kaya ndi m'basi, kaya ndi pamsika, kaya pali apongozi."

Mwana uja anangoti mawu kwee, ngati akuvomereza.

Mayi Wailesi anatembenuka. Amene ananyamula mwanayo anali mzimayi wa milomo yofiira ndi zikhadabo zopenta. Anali atalowa mochedwa, thukuta lili kamukamu, wopanda chikwama, wopanda kabuku ka sikelo. Koma chimene chinawabaya mtima ndi diresi: lothina, lotseka mpaka m'khosi, zipi kumbuyo. Telala aliyense amadziwa kuti mayi woyamwitsa akasoketsa zipi kumbuyo ndiye kuti maganizo oti sayamwitsa anamanga kale.

"Achemwali, mwanayo mpatseni bere."

"Ndikudikira kuti anesi amalize," ananong'ona mzimayiyo.

"Mwamva, anzanga? Akudikira satifiketi!"

Mabenchi anasanduka bwalo la milandu. Wina anati atsikana a masiku ano amaopa kuti mabere agwa, ngati kuti adzapita nawo kumanda ali chiimire. Wina anati ayi, mkaka wasasa ndi dzuwa la m'njira, aufinyire kaye pansi. Mayi wina woyembekezera anafotokoza kuti bere lakumanzere ndi madzi, lakumanja ndi chakudya, mwina mnzathuyu wasokoneza mbali. Wa duku lobiriwira anatulutsa botolo la madzi a shuga n'kuthira m'kachivindikiro.

"Ngakhale dontho!" anakuwa nesi, mpaka cholembera cha bambo wa tayi chinagwa. "Miyezi isanu ndi umodzi, bere lokha! Ndiyo mfundo yachisanu."

Maso a nesiyo anali atafiira. Mayi Wailesi anagwedeza mutu mokhutira. Ngakhale anesi, zawakwana.

Bambo wa tayi anatola cholembera n'kuchonga pamene panalembedwa kuti amayi akutenga nawo mbali.

Mzimayi wa zipi anakweza dzanja.

"Mafunso pomaliza," anatero bamboyo.

Nesi anayamba kuthamanga. Mfundo yachisanu ndi chimodzi ndi yachisanu ndi chiwiri anazimeza ngati mapiritsi. Bambo wa tayi anagogoda wotchi.

"Pang'onopang'ono, mayi. Kwatsala mphindi khumi."

Nesi anabwerera m'mbuyo. Anaonetsa kagwiridwe ka mutu wa chidole, kayasamulidwe ka kamwa la chidole, kageyetsedwe ka chidole. Mwana akakweza kulira, iye ankachifinyira chidolecho pachifuwa n'kumachigwedeza, kuchitonthoza chinthu cha pulasitiki chimene sichinalirepo chibadwire.

Mayi Wailesi anadumpha mabenchi awiri, wakumsana ali mtulo, n'kugwira zipi ija. Inakakamira pakhosi pomwepo.

"Mayi, mundivula pagulu?" anadandaula mzimayiyo akuwachotsa dzanja.

"Likang'ambika ndisoka ndine. Ndikuikirani mabatani kutsogolo, ngati munthu."

"Koma ine ndanena kuti anesi…"

"Anesi, anesi! Anakuberekerani ndi anesi?"

Mzimayiyo anatsegula pakamwa, koma mabenchi anali atafa kale ndi kuseka.

Tsopano mwana anali atasasa mawu. Ankayamwa kachibakera kake, kukasiya, kufunafuna pa diresi lopanda khomo lija, n'kuyambanso kulira ngati kamphaka. Mayi Wailesi anamva mabere awo omwe akulasalasa. Ayi, izi sizikanachitika iwo ali pompo. Anamutsomphola mwanayo n'kulunjika kutsogolo, amayi akuwapatukira ngati kukudutsa ambulansi.

"Mayi, phunziro silinathe," anatero bambo wa tayi.

"Inu bambo, munayamwitsapo? Khalani pansi." Anaima pamaso pa nesi. "Anesi, siyani chidolecho, mwana weniweni ndi uyu. Mayi ake alibe mtima. Muwauze pamaso pa anthu onsewa, ndipo ngati ndi mlandu, apolisi ndikaitana ndine."

Nesi anayang'ana wotchi. Anayang'ana mwana. Kenako anawapatsa Mayi Wailesi chidole chija, ndipo pa yunifolomu yoyera, pamene chidolecho chinabisa, panaoneka madontho awiri onyowa, aakulu ngati timbale. Analandira mwanayo, kukhala pa tebulo, kumasula mabatani, kumupatsa bere, mwana n'kuti zii.

"Pepani, alamu," anatero mzimayi wa zipi kwa nesi, ali kumbuyo komweko. "Mkaka munafinyira m'kapu m'mawa uja wautaya wonse. Akufuna amake basi."

Bambo wa tayi anayang'ana wotchi, kenako Mayi Wailesi ndi chidole chawo. "Kwatsala mphindi zinayi, mayi. Pitirizani."